Mmene Ankawametera Achemwali Anga

Achemwali anga asanachoke kumudzi anali atametedwapo kawiri kokha. Koyamba kunali pa maliro a agogo aamuna, ine ndili kumsana. Kachiwiri ndinaona ndi maso anga, patapita masiku atatu titaika atate. Tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba tonse apabanja, titatambalala, azakhali akudutsa ndi lezala mutu ndi mutu. Achemwali sankalola munthu kugwira tsitsi lawo kupatula amayi, koma tsiku limenelo anakhala phee, akuyang'ana tsitsi likugwera pachitenje. Atamaliza kumetedwa anapapasa mutu wawo n'kunena kuti, "Atate basi." Zimene abale onse anakanika kuwafotokozera kwa masiku atatu, lezala linawauza.

Ankandiposa ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma maganizo awo anaima pa msinkhu wa mwana wa zaka zinayi kapena zisanu. Anthu a m'mudzi mwathu, kudera la Chiparamba, anali ndi mawu awo owatchulira, ena achisoni, ena achipongwe. Kwathu tinkangoti anabadwa tero. Ankasesa bwino kuposa ine, mbale ankatsuka mpaka kuwala, ndipo nyimbo za kutchalitchi ankazidziwa zonse ngakhale mawu ena ankaikamo awo. Vuto linali limodzi: sankayenera kusiyidwa okha. Aliyense wodutsa pamsewu akawaseka, iwo ankanyamuka n'kumulondola.

Atate ali moyo vutoli silinkaoneka. Anali telala, mwendo umodzi wopuwala, ndipo ankakhala pakhonde ndi makina awo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Achemwali ankakhala pambali pawo kutola tizidutswa ta nsalu. Atate atapita, makina anagulitsidwa, khonde linatsala lopanda munthu, ndipo amayi anatsala ndi munda wa chimanga, wa thonje ndi wa mtedza. Mvula yotsatira, pa nyengo ya Ncwala, mwambo uja wa Angoni, malole anadutsa pamsewu atadzaza anthu oimba opita ku Mtenguleni. Amayi anali kumunda, ine kusukulu. Achemwali anatsatira nyimbo. Anapezeka mawa lake kumudzi wina cha ku Kasenengwa, mapazi atatupa, amayi ena achifundo atawapatsa pogona.

Chaka chomwecho ndinali nditayamba giredi 8 m'tauni, ndikukhala kwa msuweni wa amayi m'nyumba ya zipinda ziwiri. Ndinali woyamba m'banja mwathu kufika ku sekondale. Aphunzitsi athu a Chingelezi anatilimbikitsa kuti aliyense akhale ndi kope lolembamo za tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinamvera ndi mtima wonse. Makope amenewo ndikadali nawo. Ndi amene akundikumbutsa zambiri mwa izi, ndipo ndi amene akundichititsa manyazi pa zina.

Munthu wina wa kutchalitchi anauza amayi za nyumba ina kunja kwa tauni, m'munsi mwa phiri, imene bungwe la anthu achifundo linatsegula kuti lizisungamo anthu obadwa ngati achemwali. Amayi analingalira miyezi ingapo. Pamene anavomera, anandiitana n'kundiuza popanda kuzungulira.

"Ndikuwapereka chifukwa cha iwe. Akalephera kukhala kumeneko, ubwerera kuno udzawayang'anire. Ine khasu sindingalisiye. Wamva?"

"Ndamva, amama."

M'kope ndinalemba kuti Mulungu watsegula njira.

Nyumbayo inali yaitali, ya njerwa zootcha, yokhala ndi khonde kutsogolo ndi thanki ya madzi kumbuyo. Munkakhala amuna mbali ina, akazi mbali ina, ena oyenda, ena ongokhala pamene awaika. Panali ametironi, mayi waulemu wovala magalasi, amene nthawi zambiri ankakhala mu ofesi kulemba makalata opempha thandizo. Mbali ya akazi inali m'manja mwa mayi mmodzi wamfupi, wamphamvu, wa manja ong'ambika ndi sopo. Onse ankawaitana kuti anti. Anti ankasambitsa, kuchapa zofunda zonyowa, kudyetsa amene sankatha kudya okha, ndi kuthamangitsa othawa. Sindinawaonepo atakhala pansi.

Abale ankaloledwa kubwera Lamlungu loyamba la mwezi. Ulendo woyamba tinapita ndi amayi, titanyamula mbatata zophika. Titalowa pageti sindinawazindikire achemwali. Onse okhala pakhondepo anali ndi mipala yonyezimira ndi mafuta, atavala majuzi a salaula, aja a kaunjika, ngakhale kunali kutentha kwa Okutobala. Mmodzi wa iwo anadzuka n'kuthamangira amayi. Sanapereke moni. Anagwira amayi pamkono n'kufunsa monong'ona:

"Amama, wamwalira ndani?"

"Palibe amene wamwalira, mwanawe. Tonse tili bwino."

"Nanga andimeteranji?"

Amayi anawauza kuti n'chifukwa cha nsabwe. Achemwali anatenga mbatata. Posenda mbatata juzi linakwera, ndipo tinaona mizere yakuda m'mikono monse muwiri, khungu litasupuka pang'ono. Kuseri kwa khutu kunali bala la lezala.

Amayi anga si munthu wokweza mawu pamaso pa anthu ophunzira. Anapita ku ofesi, anagwada pakhomo, n'kufunsa mwaulemu chimene chinachitika. Ametironi anafotokoza kuti lamulo la pamalopo n'lakuti onse azimetedwa Lachisanu loyandikira tsiku la alendo, chifukwa nsabwe zikalowa m'nyumba yotere sizituluka. Anati achemwali anamenyana ndi anthu atatu, analuma mmodzi, ndipo panalibe kuchitira mwina koma kuwamanga pampando ndi mphira za chubu cha njinga.

"Pepani amayi, mwana wanga si mbuzi," anatero amayi, maso ali pansi. "Chonde zomanga ayi."

Ametironi analonjeza. Anati kunali kale banja lina limene linadandaula kukomiti kuti mwana wawo akumenyedwa, ndipo iwo sankafuna nkhani ina yotere. Anaitana anti n'kuwauza pamaso pathu kuti asadzaonenso chizindikiro pathupi la munthu aliyense. Anti anayankha kuti amva, akupukuta manja kuchitenje.

Mwezi wotsatira mikono inali yosalala. Mutu unali wometedwa bwinobwino, popanda bala. Amayi anathokoza, anasiyira anti kathumba ka mtedza. Kenaka mvula inayamba. Kuyambira Disembala amayi sakanatha kubwera: kupalira, kuthira mankhwala thonje, ndiponso mtsinje wa pakati pa mudzi wathu ndi msewu waukulu ukadzaza, galimoto sizinkafika. Anandiuza kuti ndizipita ndekha, popeza kuchokera kumene ndinkakhala unali ulendo wa ola limodzi wapansi.

Ndinkapita mokondwa, ndipo ulendo uliwonse chinthu choyamba ndinkakweza manja a juzi lawo, monga anandiuzira amayi. Sindinkapeza kanthu. M'kope la mwezi umenewo muli mawu awa: "Achemwali azolowera. Sakuvutanso. Anti akuti tsopano ndi munthu wofatsa kuposa onse."

Anali atafatsadi. Anasiya kukhala pabenchi, ankakhala pansi atatambalala, chitenje atamanga m'chiuno pamwamba pa diresi. Nsapato ankakana. Ndikawaseketsa sankaseka. Tsiku lina ndikuwapatsa mango anandiuza kuti, "Amalume anagona."

"Amalume ati? Amalume ali bwino, ndawaona posachedwapa."

"Anagona. Unapita kumanda?"

Ndinaseka, ndinati akusokoneza ndi maliro a atate. Mwezi wotsatira anati azakhali. Anayamba kuimba nyimbo ija timaimba potuluka ndi bokosi m'tchalitchi, motsitsa, mobwereza ndime imodzimodzi. Ndinalemba kuti mwina akuwasowa anthu akumudzi. Mu Febuluwale sanandiuze kanthu. Anangondigwira dzanja mwamphamvu nthawi yonse imene ndinakhalapo, ndipo pochoka anandifunsa kuti, "Iwe ukhala ndi ndani tsopano?" Ndinayankha kuti ndikhala kumene ndimakhala. Ndinali mwana wa sekondale wodziwa kupeza x pa masamu, koma funso limeneli sindinalimve.

Mu Malichi, Lachisanu lina, anatitulutsa m'kalasi nthawi ya teni chifukwa aphunzitsi anali ndi msonkhano. Ndinaganiza zopita kukawaona achemwali ngakhale silinali tsiku la alendo. Mlonda ankandidziwa, anandilola. Pakhonde panalibe munthu. Ndinamva mawu kuseri, kuthanki, ndipo ndinazungulira nyumba.

Kunali kumeta. Akazi anali atakhala pamzere pansi pa mtengo, ena atametedwa kale. Anti anali ndi beseni la madzi a sopo ndi lezala m'manja. Itafika nthawi ya achemwali, iwo anaimirira n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, manja atagwira kumutu, akupukusa mutu mwamphamvu. Anti sanawathamangitse. Anangoika dzanja lina m'chiuno n'kunena ndi mawu otopa, ngati mmene munthu amanenera kuti madzi atha:

"Iwe, bwera ukhale pansi. Amayi ako amwalira dzulo."

Achemwali anaima. Manja anatsika pang'onopang'ono. Anayenda okha mpaka pabeseni, anakhala pansi, anatambalala, anaweramitsa mutu. Sanakuwe. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Anti anapaka sopo, ndipo mphindi zisanu zisanathe anali atamaliza.

Sindikumbukira mmene ndinafikira pamenepo. Ndimangokumbukira ndikufunsa:

"Anti, mwati chiyani? Amama atani?"

Anatembenuka, anandiona, ndipo anayamba aseka. "Aa, mwana wa sukulu! Lero si Lamlungu. Usadandaule, amayi ako ali gwa kumudzi, akupalira thonje. Ndi mankhwala chabe awa."

"Mankhwala?"

"Nanga ufuna ndiwamangenso? Amayi ako omwewo ndi amene anakagwada ku ofesi kuti zomanga ayi. Ine ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Ona dzanja ili, mano awa ndi a ndani? Ndiye tsiku lina akundifunsa kuti wamwalira ndani, wamwalira ndani, ine n'kuti amalume ako. Basi munthu phee! Ndinati zikomo Ambuye."

"Ndiye mumawauza mwezi uliwonse?"

"Ndinayamba ndi amalume, kenaka azakhali. Koma amene amagwira ntchito msanga ndi amayi. Uno ndi mwezi wachiwiri ndikuwapha." Anatsuka lezala m'beseni. "Usandiyang'ane choncho. Pofika mawa aiwala, anthu awa sasunga kanthu. Wotsatira!"

Ndinagwada pafupi ndi achemwali. Ndinawauza kuti amama ali moyo, kuti anti akungonena, kuti ndi mvula imene yatseka njira. Anandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Nanga bwanji sabwera?"

"Mtsinje wadzaza, achemwali."

"Nanga andimeteranji?" Anandisisita patsaya ngati ndine amene ndikufunika kutonthozedwa. "Iwe sanakuuze. Ndiwe mwana."

Apa ndi pamene ndiyenera kunena zoona za ine. Ofesi ya ametironi inali pafupi, chitseko chili chotsegula. Sindinalowe. Ndinatuluka pageti n'kuyenda ola lonse ndikudzikambira ndekha. Ndinkati ndikanena, amayi awatenga. Akawatenga, ine ndibwerera kumudzi, ndipo chaka chimenecho chinali cha mayeso a giredi 9. Ndinkati pathupi palibe bala. Ndinkati akudya katatu, akugona pabedi, sakusochera. Ndinkati mwina anti akunena zoona kuti aiwala, ngakhale ndinkadziwa bwino kuti achemwali ankakumbukira mtundu wa diresi limene atate anawasokera ali ndi zaka khumi.

Kunali anthu a kumudzi kwathu amene ankabwera pa njinga kudzagulitsa nkhuku kumsika, ndipo ndikanatha kutumiza kalata tsiku lililonse. Sindinatumize. Kwa masabata atatu kope langa lili ndi zinthu izi: kuti ndinapeza bwino pa mayeso a sayansi, kuti nsapato yanga yathyoka lamba, kuti mnzanga wandibwereka buku ndipo sakubweza. Za Lachisanu lija mulibe ngakhale mzere umodzi. Lamlungu la alendo litakwana ndinanena kuti mutu ukundipweteka.

Chimene chinandigonjetsa si kulimba mtima. Tchuthi chitafika ndinapita kumudzi, ndipo ndinawapeza amayi kumunda wa mtedza, akuzula. Anandifunsa za sukulu, kenaka za achemwali.

"Mikono unaiona?"

"Ndinaiona, amama. Ilibe kanthu."

"Tithokoze Mulungu. Ndimagona nazo m'maganizo. Ndawasungira nshawa zazikuluzikulu, uwatengere." Analoza kamulu ka mtedza kamene anapatula pambali.

Ndinayang'ana kamuluko ndipo ndinayamba kulira. Ndinawauza zonse nditaima pakati pa mizere. Amayi anamvetsera atagwira phata la mtedza m'manja, dothi likuyoyoka. Nditamaliza anati:

"Ndiye mwana wanga wandilira kawiri."

"Inde, amama."

"Yekha. Popanda womugwira." Anaika mtedzawo pansi. "Iwe unadziwa liti?"

Ndinawauza. Sanandikalipire, ndipo mpaka lero ndimaona kuti kukalipa kukanakhala kopepuka. Anangoti, "Tiye, tikasambe. Mawa tilawira."

Tinafika kunyumba ija dzuwa lili pamutu. Anthu anali pakhonde akudya. Achemwali anali pansi kumapeto, mbale ili pamiyendo. Anakweza maso, anaona amayi akulowa pageti, ndipo anakuwa kukuwa kumene sindinakumvepo. Mbale inagubuduka. Anathawira kuseri n'kukabisala pakati pa thanki ndi khoma, atatseka maso ndi manja. "Mzukwa! Mzukwa!" Ena pakhondepo anayamba kulira nawo, ena kuseka.

Ine ndinafuna kuwathamangira koma amayi anandigwira. Anazungulira nyumba pang'onopang'ono, anakhala pansi patali ndithu ndi thanki, anamasula kathumba kawo, n'kuyamba kusenda mtedza ngati ali pakhomo pawo. Sanayang'ane kumene kunali achemwali. Ankasenda, kutaya makoko, kuponya njere ina m'kamwa. Kenaka anayamba kudandaula mokweza, ndi mawu awo a masiku onse.

"Ine ndatopa. Ndayenda kuchokera m'mawa, miyendo ikuwawa. Ana ndili nawo awiri koma wondithandiza palibe. Wina ndi wa sukulu, manja ake ndi a bolopeni. Wina wakhala kuthanki ngati chule."

Kulira kunachepa. Patapita nthawi ndinaona diso limodzi likusuzumira pakati pa zala.

"Ndipo m'mutumu mukundiyabwa. Mpango uwu wandithina." Amayi anavula mpango n'kuyamba kudzikanda, tsitsi lawo la imvi lili poyera. Kenaka anatsokomola, anamina, anapukuta kuchitenje.

Zinatenga pafupifupi ola. Achemwali anatuluka chokwawa, anaima patali, anayandikiranso. Anatola khoko la mtedza n'kuwagenda nalo amayi pamsana kuti aone ngati lidutse.

"Iwe! Ukugenda ndani? Ndikukwapula ine!"

Pamenepo achemwali anawagwera pamiyendo. Ankawagwira kumaso, m'makutu, m'manja, akubwereza kuti, "Mwabwera, mwabwera." Anti anali ataima pakona ya nyumba ndi ndowa m'manja. Anaona zonse. Kwa nthawi yoyamba ndinawaona akukhala pansi, pa ndowa yomweyo ataivundikira.

Masana ametironi anaitanitsa wapampando wa komiti, bambo wopuma pa ntchito ya boma amene anabwera pa njinga atavala tayi. Tinakhala mu ofesi: iwo awiri pamipando, anti ataima kukhomo, amayi ndi ine pansi. Amayi anandiuza kuti ndifotokoze popeza ndine ndinaona. Wapampando ankalemba. Nditamaliza anavula magalasi.

"Ndamva, mwana wanga. Koma ndifunse: anamenyedwa?"

"Ayi."

"Anamangidwa, chichokereni pamene munadandaula?"

"Ayi."

"Anamanidwa chakudya? Pali bala lililonse limene tingaone?"

"Palibe."

Anayang'ana ametironi, kenaka pepala lake. Anati pepala la madandaulo limene bungwe linawapatsa lili ndi malo a kumenya, kumanga, kumana chakudya ndi kugwirira, ndipo sankadziwa kuti nkhani yathuyi ailembe pati. Sankanyoza. Ankaonekadi wosowa chochita. Pomaliza anati alemba kuti wantchito analankhula mawu osayenera, ndipo achenjezedwa.

"Mawu osayenera," anatero amayi motsitsa. "Bambo, inu amayi anu alipo?"

"Anatisiya kale, mayi."

"Anakuuzani kangati?"

Wapampando anavalanso magalasi awo. Ametironi anati iwo sankadziwa kalikonse, ndipo ndikhulupirira kuti ankanena zoona, chifukwa kuthanki sankafikako. Anapempha amayi kuti asawachotse achemwali. Anati awauza anti kuti asiye, ndipo mwina angapeze njira ina. Amayi anafunsa kuti njira yake ndi iti. Ametironi anayang'ana anti. Anti anayankha kuchokera kukhomo kuja:

"Kumanga mwaletsa. Kunena mwaletsa. Nsabwe simuzifuna. Anthu ndi awa mukuwaona, ine ndili ndekha. Mundiuze inuyo njirayo, ndiichita." Kenaka anatembenukira kwa amayi. "Koma amayi, ndinalakwa. Ndimayesa saziika kumtima. Lero ndaona."

Amayi anagwedeza mutu, osati movomera kapena mokana. Anapempha zovala za achemwali.

Tinakwera kagalimoto ka vaneti mpaka pamphambano, kwinako tinayenda pansi. Achemwali anagwira chitenje cha amayi njira yonse. Titayandikira mudzi tinakumana ndi amalume akuchokera kudimba, ndipo achemwali anabisala kumbuyo kwa amayi mpaka amalume, atauzidwa nkhani, anavula chipewa n'kuvina pang'ono pamsewu kuti aoneke kuti ndi munthu. Azakhali anachita kuwapatsa dzanja kuti alitsine. Madzulo ake, tikudya, achemwali anafunsa funso limene tonse sitinaliyembekezere.

"Amama anabwera. Amalume anabwera. Atate abwera liti?"

Amayi anasiya kudya. Anayesa kufotokoza kuti za atate n'zoona, kuti zinazo zinali zabodza. Achemwali ankangomwetulira ngati munthu amene akudziwa kuti akumubisira chinthu chabwino. Kwa miyezi yambiri pambuyo pake, akamva belu la njinga pamsewu, ankathamangira kukaona. Ichi n'chimene sindikanatha kuchifotokoza mu ofesi muja, ngakhale akanandipatsa pepala lonse.

Za sukulu amayi sanazitchule mpaka tchuthi chitatsala masiku awiri. Tinali kutola thonje, achemwali ali patsogolo pathu ndi thumba lawo.

"Ukudziwa zimene ndinakuuza."

"Ndikudziwa, amama."

"Chaka chino ayi. Sangakhale okha, ndipo panopa sakufuna n'komwe kuti ndipite kuchigayo osawatenga. Tikakolola tiona. Sindikulonjeza."

Ndinapita kutauni kukatenga bokosi langa. Aphunzitsi a Chingelezi atamva anapita nane kwa ahedi, ndipo ahedi anati ngati ndingabwere mu Januwale adzandilandira, koma ndidzayambirenso giredi 9. Ndinathokoza. Pobwerera ndinadzera kunyumba ija kukasiya juzi limene tinalitenga molakwitsa. Linali Lachisanu lometa, sindinachite kukonza.

Anti atandiona anati, "Wabwera kudzaona amene ndamupha lero?" Koma sanaseke. Patsogolo pawo panali mtsikana wina wa msinkhu wanga, wosalankhula, amene ankaopa lezala moti ankadziluma dzanja. "Ika juzilo apo. Khala apa, umugwire manja. Osamukanikiza, kungomugwira. Uzimuyankhula."

"Ndizimuuza chiyani?"

"Chilichonse. Si ndiwe wa sukulu?"

Ndinakhala pansi moyang'anana naye, ndinagwira manja ake, n'kuyamba kumuuza mayina a mitsinje ya mu Afirika, chifukwa ndi zimene zinabwera m'mutu. Akagwedezeka, anti ankachotsa lezala n'kudikira. Akakhazikika, ankameta pang'ono. Mitsinje itatha ndinayamba mapiri, kenaka ziwalo za duwa. Tinatha nthawi yoposa theka la ola pa mutu umodzi. Pamzere panali patatsala anthu asanu ndi mmodzi, ndipo pachingwe panali zofunda zosachapa.

"Waona?" anatero anti. "Zimatheka. Zimangofuna anthu awiri."

Ndinakhala mpaka onse atatha, ndipo basi ya masana inandisiya. Nditafika kumudzi mawa lake ndinalemba kalata kukomiti, ya masamba awiri, m'Chingelezi changa chabwino kwambiri, yopempha kuti pa tsiku lometa pazikhala munthu wachiwiri, ngakhale wa m'mabanja mwathu mosinthana. Yankho silinabwere. Sindikudziwa ngati inawerengedwa.

Miyezi isanu ndi itatu imeneyo ndinakhala kumudzi. M'mawa amayi akapita kumunda wakutali, ine ndinkatsala ndi achemwali, mabuku ali pamphasa. Pang'onopang'ono anasiya kulira amayi akachoka. Anayamba kulola kutsala ndi azakhali, poyamba ola limodzi, kenaka m'mawa wonse. Azakhali ana awo anali atakula, ndipo tsiku lina anauza amayi kuti kusiyana n'kuti mwana asiye sukulu, iwo asamukira m'kanyumba kathu ka kuseri. Sanachite mwansangala kwenikweni, ankang'ung'udza za nkhuku zawo, koma anasamuka.

Mu Januwale ndinabwerera. Anzanga anali atapita giredi 10, ndipo ine ndinakhala pa desiki ya kumbuyo pakati pa ana amene chaka chatha ndinkawatuma madzi. Mmodzi anandifunsa ngati ndinali ndi mimba. Ndinamuuza kuti ayi, kunyumba kunali odwala. Anandibwereka rula, ndipo tinayamba kulemba.